Nkhupakupa Anyanyala Banja

Padangokhala, kale nyama zikufunsirana mbeta ngati anthu, Nkhupakupa anakwatira Mbuzi. Atangolowana, mkuluyu anakwera n'kukakhazikika kuseri kwa khutu la mkazi wake. Ntchito sankaidziwa. Ankangoyamwa magazi uku akulamula.

"Iwe, kudambo usapiteko, kuli atonde. Ndipo uziyenda bwino, ukundigwedeza! Mwamuna pano ndine."

Mbuzi anayamba kuwonda, Nkhupakupa akunenepa. Tsiku lina Mbuzi analimba mtima nati, "Bambo, khutuli latupa. Tasunthaniko pang'ono."

"Ukuthamangitsa ine?" anakalipa Nkhupakupa. "Ndikachoka, angakuyang'ane ndani ndi nthiti zakozi? Chabwino, ndikutsika. Tione amene ayambe kulira. Ubwera chogwada!"

Anadzigwetsa pansi, n'kukwera pansonga ya udzu kuti amuone bwino mkaziyo akamadzapepesa.

Mbuzi anachita mantha, poti anali atazolowera mawu aja m'khutu. Anayenda pang'onopang'ono, akudikira kuti tsoka limugwere, koma palibe chinachitika. Atapukusa mutu, anaumva kupepuka. Atatchera khutu, anamva mbalame zikuimba. Anausa moyo nati, "Kani kunja kuno kumakhala bata chonchi?" Anatsetserekera kudambo, anadya msipu mpaka kukhuta, kenako anagona tulo tofa nato pamthunzi.

Nkhupakupa adakali pa udzu paja mpaka lero, mimba itaphwa, manja ali m'mwamba. Amauza aliyense wodutsa kuti, "Akubwera ameneyo, mkazi sangakhale yekha." Mukamumva akutero, musaime pafupi, angakukwereni.

Yanga yathera pomwepa.