Sutikesi Yofiira ya Pakhomo

Dzuwa lisanafike pamutu, a Chipewa anali atatsala pang'ono kugula sutikesi yofiira ija kangapo konse. Ankaisisita, n'kutsegula zipi, n'kuiyendetsa pa matayala ake uku akupukusa mutu ngati aona zodabwitsa. Kenako ankaibweza pakhomo pa sitolo n'kukazungulira kuseri.

Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Pamsewu wa masitolo uja, umene mlendo aliyense amathamangirako akangotsika basi, wina amaitanira, wina amanyamula katundu, wina amapisa m'matumba mwa anzake. Iwo ntchito yawo inali kukhala mlendo. Mwini sitolo ya zikwama anawapatsa chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, ati mlendo sakhulupirira wogulitsa, amakhulupirira mlendo mnzake. Chofunika chinali kusirira katundu mokweza, weniweni akachita nsanje, n'kumusiyira. Mayi wobadwira kuseri kwa msewu womwewo, tsiku lililonse n'kumayang'ana nyumba zosanja kukamwa kuli yasa!

Koma sabata yawo yoyeserera ntchito inali kutha osagulitsa ngakhale lamba.

"Lero sutikesi ikapanda kutuluka, chipewa mubweze," anatero bwanayo m'mawa, akunyamuka kukaoda katundu. Pakauntala anasiyapo mkazi wake, amene masiku onse amakhala kusitolo yawo ina ndipo a Chipewa anali asanakumanepo naye. A Chipewa anachita mantha, chifukwa kunyumba kunali ana awiri a sukulu ndi nsapato zawo zong'ambika.

Masana analowa bambo wina. Malaya a maluwamaluwa, kamera pakhosi, kachikwama pamimba, mapu m'manja atawagwira chadodolido. Mlendo wotheratu, wa mtundu uja amajambula ngakhale bini ya zinyalala. Anaima pa sutikesi yofiira.

A Chipewa anafika ngati akungodutsa.

"Abale, kukongola kwake! Kwathu zoterezi kulibe."

"Mwaona bwino mayi," anatero bamboyo. "Tamvani chikopachi. Kwathunso kulibe."

A Chipewa sanachedwe. Anaikoka sutikesi n'kuiyendetsa. Bamboyo anailandira n'kuiyendetsanso, mpaka kuizungulitsa ndi chala chimodzi. Iwo anayamikira zipi, iye anayamikira loko. Iwo anati ingalowe zovala za banja lonse, iye anati ndi za apongozi zomwe. Munthu ankaifuna sutikesi ameneyo, zinkachita kuoneka m'maso, koma dzanja lake ku kachikwama ka pamimba silinkapita.

Alipo amuna ena oti sagula mpaka aone kuti chinthu chikuwapulumuka. A Chipewa ankawadziwa bwino, malemu amuna awo anali otero. Pakhomo panali patasonkhana alendo ena kudzaonerera. Ino ndiyo inali nthawi yoponya nyambo yomaliza. Anaikumbatira sutikesi n'kuloza kukauntala.

"Basi, ine ndatenga. Mayi, ndikulungireni!"

Anadikira kuti bamboyo alumphe, anene kuti anayamba kuiona ndi iye. Anali atakonzeka kale kudandaula pang'ono, kenako n'kumusiyira ndi nkhope yachisoni.

Bamboyo anagwira pamtima n'kuwerama.

"Zandipweteka, koma sindingalimbane ndi mayi. Tengani."

Alendo a pakhomo anaomba m'manja. Wina anajambula. Mkazi wa bwana anabwera chothamanga, lisiti ili kale m'manja, mano onse pamtunda. A Chipewa anayesa kumutsinzinira, koma diso la kuseri kwa magalasi akuda ndani angalione? Anayesa kutsokomola, mayiyo anawapatsa madzi. Kunena zoona pamaso pa gulu lonselo kukanakhala kuyalutsa sitolo, ndipo ntchito ikanathera pomwepo. A Chipewa anapisa m'chikwama n'kutulutsa ndalama ya lendi imene ankati akapereke madzulo.

Anatuluka akukoka sutikesi yawo, matayala akulira mokoma pa simenti. Woitanira wa sitolo ya nsapato, amene amawadziwa kuyambira ali mtsikana, anawafunsa ngati ulendo wawo ndi wa pandege. A Chipewa anangopitirira. Anakaima pa ngodya n'kudzilimbitsa mtima: gulu likabalalika abwerera, amunong'oneza mayi uja, ndalama ibwerera m'chikwama, sutikesi pakhomo. Bwana akamva aseka, mwinanso awayamikira kuti sanaulule chinsinsi. Chinkawawawa n'chakuti mlendo wonona chonchija wawapulumuka m'manja.

Anthu atachepa, anabwerera mwakachetechete n'kuima kuseri kwa zikwama zopachika. Mwamwayi bambo uja anali asanachoke. Anali atakhala pa mpando wa kuseri kwa kauntala, atavula kamera, akumwa zoziziritsa kukhosi, mkazi wa bwana akumukupiza ndi mapu.

"Achimwene, ntchito mumaitha," ankatero mayiyo. "Ndakulembani lero lomwe, sutikesi yatuluka kale. Abambo akunyumba analembanso mayi wina wa ntchito yomweyi, sabata yonse osagulitsa kanthu. Akangobwera ndiwauza amuchotse."