Mbuzi ya Malemu Farida

Mbuzi imene mayi Farida anasiya pomwalira inatha sabata ikungozungulira pamodzimodzi, mutu utapendekeka. Dotolo wa ziweto wa ku Cuamba anati matenda ali mu ubongo, ndipo abwera m'mawa kudzaipha kuti akauyeze.

Kutada, amuna a malemuwo, a Jamali, anatenga nyali kukatseka khola. Anaipeza itaima, itatsinzina, ubweya wa kuseri kwa khutu ukugona ndi kudzuka ngati zala zikuukanda. Kunalibe mphepo.

"Mwamva za mawa, a Farida?" anafunsa motsitsa mawu.

Chingwe chomangira mbuziyo chinamasuka chokha pachikhomo. Mbuziyo inatuluka osazunguliranso, kulunjika njira ya kumanda. A Jamali anakweza nyali kuti aunikire akazi awo njira.

Chapatsogolo mbuzi inaima n'kucheuka, kuwadikira.