Phazi Lakumanja la Gcabashe

Dokotala Moodley analozetsa kuwala kofiira pamwendo wa Gcabashe, dalaivala wa minibasi ku Durban. Shuga inali itamudetsa phazi lakumanja, lopondera mabuleki.

"Bambo Gcabashe, yang'anani pakanemapo. Timadonthoti tikamagwedera, ndiye kuti magazi akuyenda. Pomwe timadonthoti taima, mnofu unafa, ndipo tidula pamenepo."

Pabondo timadontho tinkapiringizika ngati nyerere. Dokotala anatsitsira kuwalako kuzala zakuphazi. Timadontho tonse tinangoima, osagwedera.

Gcabashe anafinya dzanja la mkazi wake Nokwanda, thukuta lili kamukamu.

"Adokotala, makinawa sanama? Dzulo lomweli chala chachikuluchi chimandiyabwa."

Dokotala anayamba kukweza kuwalako pang'onopang'ono, kufunafuna pomwe timadontho tiyambirenso kugwedera.

"Adokotala," Nokwanda ananong'ona, "mwapitirira kakolotu."