Nyani ndi Kanema Woonetsa Nsidze za Udzudzu

Padangokhala Nyani ndi mnansi wake Mfuko, uja wosaona bwino. Chaka china Nyani adagulitsa chimanga chonse cha m'nkhokwe, nakagula kanema wamkulu amene ogulitsa adati amaonetsa ngakhale nsidze za udzudzu.

"Achimwene," adatero Mfuko, "kanemayo ndi wabwinodi, koma zithunzi zimene amaulutsa kunoko n'zachimbuuzi. Muzioneramo chiyani?"

"Wakhungu iwe, za maso uzisiye!" adakalipa Nyani.

Atayatsa, mudatuluka chimbuuzi chomwe chija, kungoti chachikulu.

Njala itavuta, Mfuko ankakukuta chinangwa ku una kwake. Nyani adazimitsa kanema uja, ndipo m'galasi lakudalo adaona nthiti zake bwinobwino, iliyonse payokha. Apo pokha ndiye ogulitsa aja sadaname.