Nkhunda ya Mwendo Umodzi

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene anali ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya basi. Anthu anamupatsa dzina loti Zangazokha, chifukwa chilichonse akasoka ankati, "Izi ndi zanga zokha, simungazipeze kwina." Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi amene amamugulitsa ulusi.

Atagula makina opeta nsalu, aja oti ukangoika chithunzi pa fulashi ya kompyuta n'kuilowetsa m'makinamo amapeta okha, matama anachita kuwirikiza. Koma abale inu, kujambula sankadziwa ngakhale pang'ono. Akati ajambule duwa, linkatuluka ngati dzira losweka.

Tsiku lina kunabwera bambo wina amene ankafuna kutsegula lesitilanti. Ankafuna nsalu za patebulo ndi maepuloni a operekera zakudya, zonse zopetedwa chithunzi chimodzi.

"Koma mayi, chikhale chojambula chanu, choti wina aliyense alibe," anatero bamboyo.

"Bwana, mwafika pakhomo loyenera," anayankha Zangazokha.

Bamboyo atangotuluka, iye anathamangira pafoni. Pa intaneti anapeza chithunzi cha nkhunda yokongola itaima panthambi ndi mwendo umodzi. Pamwamba panalembedwa kuti ndi yaulere. Pansi panali timawu tonena kuti ndi yopetera zinthu zapakhomo, osati zogulitsa. Timawuto anangotidumpha, n'kuika nkhundayo m'makina.

Mkulu wake, amene anamuphunzitsa kusoka, anali pabenchi akudula ulusi. Makina atayamba, anaona singano ikupeta kaye timalemba tiwiri, kenako n'kutiphimba ndi phiko la nkhunda.

"Iwe, taimitsa kaye. Timalemba tija n'ta ndani?"

"Ndi mmene makinawa amayambira, achemwali."

"Usandipusitse ine. Ameneyo ndi mwini wake, wasainira ntchito yake. Mulembere uthenga umupemphe. Kupempha sikuluma."

"Aaa, achemwali inunso! Chaulere n'chaulere. Ndiye phiko likaphimba, adzaona ndani?"

Mkulu wake anangopukusa mutu n'kupitiriza kudula ulusi.

Nsalu zinatuluka zokongola zedi. Mwini lesitilanti anasangalala, anazijambula n'kuika zithunzi pa intaneti, n'kulemba kuti nkhundayo yachokera m'mutu mwa telala wake. Tsiku lotsegulira anamuitana. Zangazokha anatchena koopsa, ndipo anakoka mkulu wake kuti akaone mmene anthu amamulemekezera.

Alendo atakhala, bamboyo anaimiritsa Zangazokha pakati, anthu n'kuwomba m'manja. Manja asanathe, mayi wina wa patebulo la pakona anaimirira atagwira nsonga ya nsalu.

"Pepani mayi, ndifunse nawo. Bwanji nkhundayi ili ndi mwendo umodzi?"

Zangazokha anaseka. "Winawo yaupinda, ikupuma. Luso limenelo, mayi."

"Ayi," anatero mayiyo. "Winawo unadyedwa ndi mphaka. Inali nkhunda ya malemu bambo anga, ankaidyetsera m'manja. Ndinaijambula iwo ali m'chipatala kuti aziiona pa pilo. Atamwalira ndinaiika pa intaneti kuti anthu azipetera ana awo kunyumba. Ndinaona zithunzi za malo ano, n'chifukwa chake ndabwera."

Apa munthu wanzeru akanangopepesa. Koma Zangazokha anaumitsa khosi.

"Nkhunda zimafanana, mayi. Iyi ndinajambula ndekha."

Mayiyo sanakangane naye. Anapempha chilolezo kwa mwini malo, anatulutsa kasizasi m'chikwama, n'kudula ulusi wa paphiko pang'onopang'ono. Pansi pake panaoneka timalemba tija.

"Awa ndi malemba oyamba a dzina la bambo anga," anatero.

Zangazokha anayang'ana mkulu wake, koma mkulu wakeyo anali atazyolika, misozi ikulengeza. Operekera zakudya anayamba kuvula maepuloni pamaso pa alendo.

"Mayi, ndinakufunsani bwinobwino, ndipo munandiuza kuti mwajambula nokha," anatero mwini lesitilanti. "Mwandichititsa manyazi pa tsiku langa loyamba."

Chimene chinamupweteka kwambiri Zangazokha si mawu a bamboyo ayi. Ndi zimene mwini nkhunda ananena potuluka, mofatsa, osakweza mawu.

"Mukanangondilembera, ndikanakulolani. Ndikanangopempha kuti muzitchula bambo anga."

Mawa lake nsalu zonse zinabwezedwa kushopu. Nkhani inali itafika kale pasiteshoni ponse. Asukulu amene ankabweretsa mayunifolomu kuti awapetere mabaji anasiya kubwera. Odutsa ankasuzumira pakhomo n'kufunsa, "Lero muli ndi za ndani, Zangazokha?" Iye ankangoweramira pamakina, manyazi ali bwii.

Anaganiza zomasula nkhundazo kuti mwina nsalu zigulitsike. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi. Mkulu wake anabwera, anakoka benchi, anatenga lezala lina n'kuyamba kumuthandiza, osanena kuti ndinakuuza. Kukhala chete kumeneko kunamuliza Zangazokha.

Atamaliza nsalu yoyamba anaikweza pawindo kuti aione. Ulusi wonse unali utachoka, koma timabowo ta singano tinatsala. Nkhunda ija inkaonekabe yonse, itaima ndi mwendo wake umodzi, ndi timalemba tija pakati pa phiko. Mpaka lero nsaluzo zili m'katoni pansi pa tebulo lake, ndipo dzina lija akalimva satembenuka.

Phunziro: Chinthu chikalembedwa kuti n'chaulere pa intaneti, sindiye kuti chilibe mwini. Pali munthu amene anachikhalira pansi, mwinanso akulira. Werengani timawu tapansi tija musanapete n'kugulitsa. Ngati simukumvetsa, funsani mwini wake, ndipo ntchito ya mnzanu musaitche yanu. Tumizirani uthengawu atelala onse amene mumawadziwa, ndi aliyense wokonda kutola zithunzi pafoni, asanaimiritsidwe pagulu ngati mayi ameneyu.