Nkhanga Anakana Kumva "Palibe"

Padangotero, kale nyama zikulima minda yawoyawo, Gologolo anamanga nkhokwe pamphambano. Ankatuta mapira kumunda wakutali n'kumasungira anzake kuti asamayende mtunda wautali. Lamulo lake linali limodzi: aliyense anene yekha chomuitanira.

Nkhanga ndi Bilimankhwe ankafuna mbewu, ndipo anapikisana kuti adzayambe kudzala ndani.

"Mbewu ikapezeka mundiitane, achimwene," anatero Nkhanga.

"Ine mundiitane ikapezeka," anatero Bilimankhwe, "ikasowanso mundiitane."

Nkhanga anaseka chikhakhali. "Alamu, maso anu oyang'ana uku ndi ukuwa akupusitsani! Alipo amene amapempha kuti amuuze kuti palibe?"

Patapita masiku atatu, Gologolo anapeza kuti mapira onse afumbwa ndi anankafumbwe. Anakwera mumtengo n'kufuula, "A Bilimankhwe, palibe!" Kwa Nkhanga sananene kanthu, poti zimenezo sanapemphedwe.

Bilimankhwe ananyamuka tsiku lomwelo, phazi limodzi, kenako linalo, mpaka anakafika kumunda wakutali kuja n'kutengako mbewu. Nkhanga anakhala pamthunzi akudikira kuitanidwa, poganiza kuti kukhala chete kwa Gologolo ndiye kuti zonse zili bwino.

Mvula yoyamba itagwa, Bilimankhwe anali atadzala kale mizere isanu. Nkhanga anathamangira kunkhokwe atanyowa nthenga zonse.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati ndikuitaneni ikapezeka, mayi," anayankha Gologolo. "Sinapezeke."

Bilimankhwe anatapa mbewu yake yotsala n'kumupatsa Nkhanga. "Tengani, alamu, mukadzaleko. Liwiro ndi lanu, sinditsutsa. Koma ine palibe uja ndinamumva msanga."