Zenera la Hotela ya ku Cape Town

"Nyenyezi zisanu, taonani," anatero a Stambuli popatsa akazi awo, a Zuhura, foni. "Ku Cape Town tikagona pamenepa. Kwangotsala kulipira."

A Zuhura sankamukhulupirira munthu wa pa WhatsApp amene anatumiza zithunzizo. Anakulitsa chojambulidwa pazenera la chipinda: mitengo ya paini, nkhungu, damu.

"Damuli ndikulidziwa."

"Madamu amafanana, mayi."

Anakulitsanso. M'mbali mwa msewu munaima bambo wa chipewa chofiira, mbale ya zipatso ili m'manja.

"Nanga a Gilson, amafanananso? Si omwe amatigulitsa zipatso ku damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba awa?"

A Stambuli anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Mwalipira kale, eti?" anafunsa a Zuhura.

"Dzulo."

A Zuhura anasuzumira panja, kuyang'ana phiri la Zomba.

"Basi, itanani wakabaza. Ku Cape Town tifika dzuwa lisanalowe."